Ansembe a chitsitsimutso cha ku England ankapirira bwanji ali okhaokha?

Nambewe83:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu amene munaphunzira mbiri ya mpingo. Malume anga ndi wansembe wa Anglican ku parishi ina yakumudzi, ya matchalitchi ang'onoang'ono ambiri, ena oti amafikako panjinga yakapalasa. Chaka chatha anayambitsa mapemphero a Lachitatu madzulo, owerenga Baibulo pamodzi ndi kupemphererana. Achinyamata anadzaza, koma akuluampingo ena akuti abambo ayamba zachipentekosite, ndipo nkhani yafika kale kwa akuluakulu awo. Chikundiwawa ine si mlanduwo ayi. Ndi zimene anandiuza pafoni, kuti alibe wansembe mnzawo ngakhale mmodzi woti angamuuze zakukhosi osaopa kuti mawa zimveka kwina. Munthu wamkulu, wolalikira anthu mazanamazana, koma alibe womuuza kuti "achimwene, ndatopa". Ndinamvapo kuti ku England m'zaka za m'ma 1700, nthawi ya John Wesley, kunali ansembe amene anatsitsimuka koma sanatuluke mu mpingo, ndipo ankadedwa m'maparishi mwawo. Iwo aja ankapirira bwanji? Ankathandizana motani poti kunalibe foni?

Mphunzitsi_Wopuma:
Amayi, pepani ndi zimene malume akukumana nazo. Anthu amene mukuwanenawo ankalemberana makalata, ndipo mpata ukapezeka ankakwera hatchi kukachezerana. Anali ochepa kwambiri, komanso omwazikana. William Grimshaw anali ku Haworth, kumapiri a Yorkshire, kuyambira 1742 mpaka imfa yake mu 1763. Samuel Walker anali kutali kummwera, ku Truro m'dera la Cornwall. John Berridge anali ku Everton, kamudzi ka ku Bedfordshire, kuyambira 1755. Henry Venn anapita ku Huddersfield mu 1759. Aliyense anazunguliridwa ndi ansembe anzake omuona ngati mutu wake sukuyenda bwino. Ankawatcha Amethodist mowanyoza, ngakhale ambiri a iwo sanali pansi pa Wesley.

Ku London, William Romaine ankalalikira madzulo pa tchalitchi cha St Dunstan. Akuluampingo sankamufuna, ndiye ankakana kuyatsa nyale. Iye ankalalikira kandulo ili m'manja, anthu atadzazana mumdima. Mu 1768 ophunzira 6 anachotsedwa pa St Edmund Hall ku Oxford chifukwa chopemphera ndi kulalikira m'nyumba za anthu. Choncho za malume anuzo si zachilendo mu mpingo wathu.

Kalata masiku amenewo sinali yotchipa. Wolipira anali wolandira, osati wotumiza, ndipo mtengo unkatengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala. Munthu ankadzaza pepala limodzi mpaka m'mphepete, akudziwa kuti mnzake atulutsa ndalama m'thumba kuti aliwerenge. Zamoni zinkakhala zochepa. Ankalemba za ulaliki umene sunagwire mitima, za mkazi wodwala, za pemphero limene lauma, za munthu wa m'parishi amene wabwerera ku mowa. Zimene malume anu akusowa wozimvazo, iwo ankaziika papepala.

Chisale_BT:
Ine ndikanakhala malumewo ndikanangotuluka n'kuyamba utumiki wanga. Kukakamira pamalo pomwe sakukufuna n'kutaya nthawi. Wesley yemweyo si anatuluka?

Mphunzitsi_Wopuma:
Ayi bambo. Wesley anamwalira mu 1791 akadali wansembe wa Church of England. Otsatira ake ndiwo anapatuka iye atapita, ngakhale n'zoona kuti anatsegula yekha njira pamene anadzoza atumiki opita ku America mu 1784. Samuel Walker ankamulembera makalata mu 1755 ndi 1756 omuchenjeza za alaliki osadzozedwa, kuti mapeto ake mpingo udzagawanika. Anamuuza mosabisa, koma sanasiye kumutcha mbale.

Katekisiti_waKuNyanja:
A Chisale, kutuluka n'kosavuta kwa munthu wa m'tauni. Kuno kwathu kuli agogo amene anabatizidwa, kukwatiwa ndi kuika ana awo m'manda a tchalitchi chomwecho. Wansembe akatuluka amatenga achinyamata, agogowo n'kutsala ndi mabenchi. Ndinaziona ndi maso anga.

Wazaumulungu_Zomba:
Ndiloleni ndifotokoze za anthu awiri, chifukwa kwa ine nkhani yawo ndiyo imayankha bwino funso la a Nambewe.

John Newton anali wansembe wothandizira ku Olney kuyambira 1764. M'parishi yoyandikana nayo munali wansembe wachinyamata, Thomas Scott. Scott anali wophunzira, wodzidalira, ndipo mumtima mwake sankakhulupirira za Utatu Woyera. Unsembe anaulowa ngati ntchito yomupatsa nthawi yowerenga mabuku, monga anadzavomereza yekha pambuyo pake. Scott ankamuona Newton ngati munthu wotengeka wopanda sukulu. Mu January 1774 anthu awiri a m'parishi ya Scott, mwamuna ndi mkazi wake, anadwala mwakayakaya. Scott sanapiteko chifukwa sanaitanidwe. Kenako anamva kuti Newton, amene anthuwo sanali nkhosa zake, anali atapitako kangapo. Zinamulasa mtima. Anati chiphunzitso cha munthuyu ndingachinyoze, koma ubusa wake ukuposa wanga.

Mu May 1775 Scott anamulembera kalata yaitali. Cholinga chake chinali kumukokera mu mtsutso kuti amugonjetse ndi nzeru. Newton sanalowemo. Ankayankha makalata aatali, aulemu, ofotokoza zimene iye amakhulupirira ndi njira imene anadzera kuti afike pamenepo, ndipo ankamuuza Scott kuti akapitiriza kufufuza moona mtima tsiku lina adzaona yekha. Scott zinkamukwiyitsa, poti ankafuna nkhondo koma ankalandira chikondi. Pofika December chaka chomwecho anasiya kulemba. Newton sanamuthamangitse ndi makalata ena. Anangomusiya.

Mu 1777 Scott anakumana ndi zovuta, ndipo munthu amene anamukumbukira anali Newton yemweyo. Anapita kukamuona, ubwenzi n'kuyambiranso. Mu 1779 Scott anatulutsa buku lofotokoza za kutembenuka kwake, The Force of Truth. Mu 1781 anakhala wansembe wa ku Olney komweko, Newton atasamukira ku St Mary Woolnoth ku London. Kenako analemba ndemanga ya Baibulo lonse, ndipo mu 1799 anakhala mlembi woyamba wa bungwe la mishoni la Church Missionary Society (CMS). Makalata 8 amene Newton anamulembera aja anasindikizidwa m'buku la makalata ake lotchedwa Cardiphonia, ndipo mpaka lero akuwerengedwa.

Chimene ndimatolapo ine ndi ichi. Bwenzi la Newton silinachokere m'gulu la anthu ogwirizana naye. Linali mnansi womunyoza. Mwina pakati pa ansembe amene malume akuwaopawo pali Scott wawo.

Nambewe83:
Zikomo kwambiri achimwene. Izi ndiwatumizira malume monga mwalemberamu. Koma Newton anadziwa bwanji kuti Scott sakamuneneza kwa bishopu ndi makalatawo?

Wazaumulungu_Zomba:
Analibe chitsimikizo chilichonse, amayi. Anangolemba zinthu zoti ngakhale bishopu ataziwerenga sangachite nazo manyazi. Sanajede munthu m'makalatamo. Analemba za chikhulupiriro chake ndi zofooka zake.

Chisale_BT:
Kumeneko si ubwenzi, n'kukopa munthu. Ankafuna kumutembenuza basi.

NaBanda_Leeds:
A Chisale, akanafuna kungomutembenuza sakanakhala chete chaka chonse ndi miyezi. Wokopa munthu satha kudikira chonchi. Ndipo atatembenuka sanamutaye, anakhala mabwenzi mpaka Newton kumwalira mu 1807.

Mkulu_waNkhoma:
Ine ndine wa CCAP, ndalowa nawo chifukwa nkhaniyi ndimaikonda. Koma tisawapake mafuta kwambiri anthuwa. Ankakangana koopsa, ndipo zida zawo zinali makalata omwewo. Wesley analalikira motsutsa chiphunzitso chakuti Mulungu anasankhiratu opulumuka. George Whitefield, mnzake wa ku Oxford amene anamuitanira ku Bristol kukalalikira panja mu 1739, anamuyankha ndi kalata yolembedwa pa 24 December 1740 ali ku Georgia, ndipo kalatayo inasindikizidwa kuti dziko lonse liwerenge. Chitsitsimutso chinagawika pawiri kuchokera pamenepo.

Mu April 1764 Wesley analembera ansembe pafupifupi 50 otsitsimuka, kuwapempha kuti agwirizane pa mfundo zitatu: tchimo lobadwa nalo, kulungamitsidwa ndi chikhulupiriro, ndi chiyero cha mtima ndi moyo. Pa zina zonse aliyense akhale ndi maganizo ake, bola asamanyozane. Amene anayankha anali atatu okha. Mu 1769 anauza alaliki ake kuti wazisiya, ansembewo ndi chingwe cha mchenga. Pambuyo pa 1770 zinafika poipa. Augustus Toplady ndi Wesley ankalemberana timabuku tonyozana tomwe munthu ukawerenga lero umachita manyazi kuti awa ndi atumiki a Mulungu. Ndiye ubwenzi mukunenawu unali ndi malire ake.

Mphunzitsi_Wopuma:
Akulu, zonse mwanenazo n'zoona. Koma muonjezere kuti Whitefield atamwalira ku Newburyport pa 30 September 1770, amene analalikira pa mwambo womukumbukira ku London anali Wesley, ndipo linali pempho la Whitefield mwini wake. Zaka 30 za kusiyana maganizo sizinafafanize zimenezo.

Pali inanso. John Fletcher wa ku Madeley anali kumbali ya Wesley ndipo analemba motsutsa buku la Berridge. Mu 1776, akudwala, anapita ku Everton. Berridge anamulandira pomukumbatira, akudabwa kuti zinatheka bwanji kulemberana zotsutsana pamene onse akufuna chinthu chimodzi. Anapemphera limodzi. Kalata ya Wesley ya 1764 ija inkafuna mgwirizano wa gulu, ndipo ansembe ambiri ankaopa kuti mapeto ake adzakhala pansi pa ulamuliro wake. Zimenezo n'zimene zinakanika. Ubwenzi wa awiriawiri sunakanike.

Mkulu_waNkhoma:
Pa za Fletcher ndi Berridge ndavomera. Koma Toplady anamwalira mu 1778 asanayanjane ndi Wesley. Tizinena zonse.

Wazaumulungu_Zomba:
N'chifukwa chake Newton analemba kalata yonena za mtsutso, imene ili m'buku la makalata ake lotchedwa Omicron. Analangiza mnzake kuti asanagwire cholembera kutsutsa munthu, ayambe wamupempherera, ndipo apitirize kumupempherera nthawi yonse imene akulemba. Anati ngati munthuyo ndi wokhulupirira, kumbukira kuti posachedwa mukakumana kumwamba. Iye mwini anali wa chiphunzitso cha Calvin cha kusankhidwiratu chija, koma mabwenzi ake apamtima ena sanali a Anglican n'komwe: William Bull wa mpingo woima pawokha ku Newport Pagnell, ndi John Ryland wa Baptist, amene ankamulembera kwa zaka zambiri kuyambira ali mnyamata.

Mwana_waLinga:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mtima sukundilola. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, kumene Jumbe ankaolotsa makolo athu pa nyanja kupita nawo ku Kilwa. Mukamatchula Newton musaiwale kuti anali kapitawo wa sitima za akapolo kuyambira 1750 mpaka 1754, ndipo apo n'kuti atatembenuka kale mtima mu 1748. Ankalembera mkazi wake makalata achikondi ali pamwamba pa sitima, pansi pake pali anthu akuda omangidwa maunyolo. Ntchitoyo anaisiya chifukwa cha matenda, osati chikumbumtima. M'makalata ofotokoza mbiri yake amene anasindikizidwa mu 1764 ananena yekha kuti nthawi imeneyo sankakayikako n'komwe zoti malondawo ndi ololedwa. Analemba poyera motsutsa malonda a akapolo mu 1788, patapita zaka 34. Whitefield ndiye anali ndi akapolo ku nyumba yake ya ana amasiye ya Bethesda ku Georgia, ndipo analimbikitsa kuti ukapolo uloledwe m'deralo. Funso langa ndi ili: mabwenzi amene ankadzudzulana pa za kusankhidwiratu mpaka kusindikiza timabuku, bwanji mkwiyo womwewo sanaugwiritse ntchito pa magazi a anthu? Ubwenzi umene umakuuza kuti pemphero lako lauma koma osakuuza kuti chuma chako chili ndi magazi, ndi ubwenzi wanji?

Katekisiti_waKuNyanja:
Funso ili ndi lolemera. Sindilithawa.

NaBanda_Leeds:
Achimwene a ku Linga, simunaname ngakhale pamodzi. Kuno ku England ndinapitako ku Liverpool kumene Newton ankagwira ntchito padoko atasiya za panyanja, ndipo ku nyumba yosungirako mbiri ya ukapolo ndinatuluka ndikulira. Chimene ndingaonjezere n'chakuti pamene maso awo anatseguka, njira imene anagwiritsa ntchito inali ya maubwenzi omwewa. Mu December 1785 William Wilberforce, ali phungu wachinyamata wosokonezeka mumtima, anapita mobisa kwa Newton akuganiza zosiya ndale. Newton anamuuza kuti akhale momwemo atumikire Mulungu m'nyumba ya malamulo. Wesley anali atalemba kale motsutsa ukapolo mu 1774, ndipo pa 24 February 1791, patatsala masiku ochepa kuti amwalire, analembera Wilberforce kalata yomulimbikitsa kuti asatope. Lamulo lothetsa malondawo linadutsa mu March 1807, Newton n'kumwalira mu December. Kuchedwa kwawo sindikukuikira kumbuyo.

Mwana_waLinga:
Amayi, ndamva. Koma amene anafera m'sitima pa zaka 34 zimenezo sanaone 1807. Ine ndimaimba nawo nyimbo ya Newton ija ya chisomo kutchalitchi, koma ndimaimba ndikudziwa. Ndipo phunziro langa kwa ansembe a lero ndi lakuti bwenzi lako likhale loti lingakufunse za ndalama za chopereka ndi za mtsikana wa m'kwaya, osati za maulaliki okha.

Wazaumulungu_Zomba:
Pamenepo palibe chotsutsa.

Likoma_Boy:
Koma abale, tikukamba za anthu amene sanabweretse mpingo kuno. Anglican ya ku Malawi sinachokere kwa Newton ndi Venn. Inabwera ndi bungwe la mishoni la Universities' Mission to Central Africa (UMCA), kutsatira pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857, ndipo mizu yake ili m'chitsitsimutso china, cha ku Oxford cha 1833, cha John Keble, John Henry Newman ndi Edward Pusey. N'chifukwa chake ife timati Misa, timati abambo, timafukiza lubani. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861 n'kumwalira mu January 1862. Ngati mukufuna ubwenzi wa ansembe, wathu ulipo. William Percival Johnson ndi Chauncy Maples anadziwana ali ophunzira ku Oxford, onse n'kulowa UMCA. Johnson anafika kunyanja mu 1882, ndipo ngakhale maso ake anaonongeka kwambiri anapitiriza kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja. Maples anadzakhala pa Likoma. Mu 1895 Maples anadzozedwa kukhala bishopu, koma pobwerera kuchokera ku England anamira m'nyanja ya Malawi pa 2 September asanafike pa mpando wake. Manda ake ali ku Nkhotakota. Johnson anakhalabe kunyanja zaka zina 33 mpaka anamwalira mu 1928 ku Liuli. Sitima ya Chauncy Maples imene agogo athu ankakwera ija ndi dzina la munthu ameneyu.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwachita bwino kutikumbutsa. Ndipo a ku Oxford aja nawonso gulu lawo linamangidwa pa ubwenzi ndi makalata. Newman atalowa Katolika mu 1845, iye ndi Keble anakhala zaka pafupifupi 20 osaonana. Anadzakumana mu 1865 kunyumba kwa Keble ku Hursley, Pusey ali pomweponso, ndipo pakhomo Newman ndi Keble sanazindikirane msanga chifukwa cha ukalamba. Koma a Nambewe anafunsa za nthawi ya Wesley, ndipo vuto la malume awo likufanana kwambiri ndi la anthu amenewo.

Likoma_Boy:
Sindikukana. Ndimangofuna achinyamata adziwe kuti akuluampingo amene akudandaula za mapemphero a Lachitatuwo sakuchita nkhanza chabe. Akuteteza mwambo umene anaulandira kwa makolo awo. Nawonso amveredwe.

Mayi_waMU:
Ine ndili ndi funso lina. Mwatchula amuna okhaokha. Akazi awo anali kuti? Mkazi wa wansembe ndi amene amamva zonse usiku, ndipo iye alibe kokatula.

Wazaumulungu_Zomba:
Amayi, pamenepa ena a iwo analakwitsa. Berridge sanakwatire, ndipo ankaona ukwati ngati msampha kwa mlaliki. M'kalata yake kwa Countess wa ku Huntingdon, mayi wolemera amene ankathandiza alaliki a chitsitsimutso, mu 1770 anadandaula kuti ukwati walemaza Charles Wesley, mng'ono wake wa John, amene anachepetsa maulendo olalikira atakhala ndi banja. Newton anali wosiyana naye kwambiri. Ankakonda mkazi wake Mary mpaka kumaopa kuti akumupembedza, ndipo Mary atamwalira mu 1790 anasindikiza makalata amene ankamulembera. Charles Simeon wa ku Cambridge nayenso sanakwatire, koma chaka ndi chaka ankaitana ansembe pamodzi ndi akazi awo kuti akhale limodzi masiku angapo. Amuna akamakambirana za Baibulo, akazi ankakhala ndi nthawi yawoyawo yokambirana za utumiki wawo, madzulo onse n'kukumana.

Mayi_waMU:
Simeon ameneyo anaganiza bwino. Berridge akanabwera kwathu akanaona amene amasesa tchalitchi, kuphikira alendo a parishi ndi kugona pamaliro. Ndinakhalapo pafupi ndi banja lina la wansembe. Abambo akapita ku misonkhano amakumana ndi anzawo, amadya, amaseka. Amayi amatsala ndi ana ndi anthu obwera kudzapempha ufa pakhomo la parishi. A Nambewe, mukamaimbira malume muzipemphanso kulankhula ndi azakhali anu.

Nambewe83:
Mwanena zoona amayi. Ndiwaimbira iwo pawokha.

Chembe_Jnr:
Koma masiku ano ansembe ali ndi magulu a WhatsApp. Si zomwezo?

Katekisiti_waKuNyanja:
Si zomwezo mwana wanga. Pagulu pali anthu 60, pakati pawo pali wofuna udindo, pali wokondedwa wa akuluakulu. Ukalemba kuti mtima wanga wafooka, wina ajambula n'kutumiza kwina dzuwa lisanalowe. Ndiye onse amangolemba "Amen" ndi mauthenga a maliro.

NaBanda_Leeds:
Makalata akale nawonso ankayenda m'manja mwa anthu ambiri, ena ankawerengedwa mokweza m'misonkhano. Kusiyana kwake n'kwakuti wolemba ankalembera munthu mmodzi womudziwa, ndipo yankho linkatenga masiku. Mkwiyo unkapola kalata isanafike ku positi. Foni si vuto. Munthu atha kulemba uthenga wautali kwa mnzake mmodzi pa WhatsApp pomwepo, n'kugona kaye asanautumize.

Mlendo_kuKampala:
Ndili ku Uganda pantchito, ndipo kuno a Anglican amakumbukira chitsitsimutso chawo cha m'ma 1930 chimene chinayakira ku Gahini ku Rwanda. Nachonso chinayamba ndi anthu awiri, dokotala wachingelezi Joe Church ndi Simeoni Nsibambi, amene anakumana ku Kampala mu 1929 n'kukhala pansi kuwerenga Baibulo limodzi. Otsitsimukawo, amene ankatchedwa Abalokole kutanthauza opulumutsidwa, ankaulula machimo awo pamaso pa anzawo. Mu 1941 ophunzira oposa 20 anachotsedwa pa sukulu ya ubusa ya Bishop Tucker ku Mukono chifukwa cha mapemphero a m'bandakucha. Koma ambiri sanatuluke mu mpingo, ndipo pambuyo pake m'gulu lomwelo munatuluka mabishopu monga Festo Kivengere ndi Janani Luwum.

Mphunzitsi_Wopuma:
Tibwerere kwa a Nambewe ndi chinthu chogwirika. Kupatula makalata, ansembe aja anayambitsa timagulu tating'ono tokumana pa nthawi yoikika. Walker anali ndi kake ku Cornwall, ka ansembe ochepa okumana mwezi ndi mwezi m'nyumba zawo mosinthanasinthana. Venn anayambitsa kena ku Huddersfield mu 1767, kamene kanasamukira ku Elland ndipo pambuyo pake kanayamba kulipirira sukulu anyamata osauka ofuna unsembe. Ku London, Newton, Richard Cecil ndi anzawo anayamba Eclectic Society mu 1783. Ankakumana kamodzi pa masabata awiri, kumwa tiyi, kenako n'kukambirana funso limodzi limene mmodzi wa iwo wabweretsa, aliyense kuyankha pa nthawi yake. Mu March 1799 John Venn, mwana wa Henry, anabweretsa funso la momwe angafikitsire Uthenga kwa anthu akutali, ndipo pa 12 April chaka chomwecho CMS inabadwa.

Malume anu safunika anthu 60. Apeze awiri kapena atatu, ngakhale mmodzi akhale mbusa wa mpingo wina wapafupi monga ankachitira Newton. Aike tsiku, asankhe funso, ndipo agwirizane kuti zokambidwa pamenepo zithera pomwepo.

Ndipo afunefune wamkulu wopuma. Simeon anapatsidwa tchalitchi cha Holy Trinity ku Cambridge mu 1782 ali ndi zaka 23. Anthu ankafuna wansembe wina, ndiye eni mabenchi anakhoma zitseko za mabenchi awo n'kusiya kubwera. Simeon ataika mipando yake m'tinjira ta m'tchalitchi, akuluampingo anaitaya panja. Zinatenga zaka zoposa 10 kuti zinthu zisinthe. Nthawi imeneyo ankakwera hatchi kupita ku Yelling, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kumene Henry Venn anasamukira mu 1771 chifuwa chitamuvuta. Venn ndi banja lake ankamulandira ngati mwana wa m'nyumba, ndipo sankamunyengerera pa kupsa mtima kwake ndi kudzimva kwake. Simeon anakhala pa tchalitchi chomwecho zaka 54, mpaka 1836.

Chisale_BT:
Zaka 10 ukulalikira mabenchi okhoma? Ine ndikuti Berridge anachita bwino. Ndamva kuti iye ankalalikira m'nkhokwe ndi m'minda ya maparishi a ena, bishopu atamuletsa iye osamva.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ankaterodi, ndipo ankalimbikitsa Simeon kuti azitero. Simeon anayesako ali wachinyamata. Venn ndi amene anamubweza, kuti alemekeze malire a maparishi. Ndiye mnyamata mmodzi anali ndi akulu awiri omukonda, okhala midzi yoyandikana, omupatsa malangizo otsutsana. Anatsata a Venn. Koma Berridge atamwalira mu January 1793, amene analalikira pa maliro ake anali Simeon.

Chisale_BT:
Ine ndikanatsata a Berridge. Anthu akumva njala ya Mawu ndiye uziyang'ana malire?

Katekisiti_waKuNyanja:
Mukanatsata a Berridge mukanafunika kukhala ngati Berridge, wopanda mkazi ndi ana odalira nyumba ya parishi. Komanso ku England wansembe wokhazikika pa parishi kunali kovuta kumuchotsa. Kuno kalata imodzi yakusamutsa yakwana.

Mwana_waLinga:
Tisanabalalike, makalata a azungu tawamva. Nanga ansembe athu oyamba? Leonard Kamungu wa ku Chia anadzozedwa unsembe mu 1909, anatumikira ku Nkhotakota, kenako anapita yekha ku Msoro ku Zambia kumene anamwalira mu 1913. Yohana Abdallah anakhala zaka zambiri ku Unangu pakati pa Ayao. Augustine Ambali anali ku Msumba. Amenewa kusungulumwa ankakudziwa kuposa Venn, poti pamwamba pa mtunda panalinso mzungu wowayang'anira. Makalata awo tingawapeze kuti?

NaBanda_Leeds:
Ena a Kamungu anasindikizidwa m'kabuku ka mbiri yake kamene UMCA inatulutsa atangomwalira. Mapepala a UMCA anapita ku USPG, bungwe limene linabadwa UMCA itaphatikizana ndi bungwe lina la mishoni la SPG mu 1965, ndipo akusungidwa ku Bodleian Library ku Oxford. Munthu amatha kupempha chilolezo chokawawerenga. Ndikapeza tchuthi ndipitako, ndipo zimene andilole kujambula ndidzaika pagulu pano. A Wazaumulungu, inu funsani ku laibulale ya koleji kwanuko ndi ku National Archives ku Zomba komweko, tione zimene zinatsala kumudzi.